Kapu Yomangidwa Waya

Ana anga, za ubwana wanga ku Namitambo ndidumpha. Mwazimva mpaka kutopa nazo, ndipo amayi anu amati nthawi iliyonse ndikamazifotokoza mtunda wopita kusukulu umatalikirako. Gawo lino ndi la ntchito yanga, komanso la mlandu umene ndinasumira kampani yomwe inatidyetsa zaka zambiri. Yosofati ndi Eliza, inu munali ana pa nthawiyo, munangoona akuluakulu akunong'onezana. Mwandida, iwe unali mtsikana wamkulu, ndipo zonsezi zinagwera pa iwe. Ndikulemba ndi manyazi, ndipo ndikamaliza woyamba kuwerenga ukhala iweyo.

Zaka za m'ma 1980: Limbe

Ndinayamba ntchito ku Limbe, pa kampani yaikulu yopanga malata ndi misomali. Dzina lake sinditchula. Anandilemba ukalaliki wa kusitolo, ndiye kuti kunyumba yosungiramo katundu, ndipo ntchito yanga inali kuima pakhomo n'kumawerenga malata akamatuluka kukakwera lole. Munthu angaione ngati ntchito yopepuka, koma malata atsopano amamatirirana, ndipo anyamata onyamula ankadziwa kugwira awiri ngati limodzi. Ndinaphunzira kuwerenga ndi khutu lomwe, chifukwa malata awiri omatirirana salira ngati limodzi. Nthawi zina zitsulo zochokera kunja zinkachedwa, makina n'kuima, ife n'kumasesa malo osesa kale kuti akapitawo asatione titakhala. Makasitomala ankagona pageti kudikira malata, ena n'kumandilonjeza nkhuku kuti ndiwaike patsogolo. Nkhukuzo sindinadyepo ndi imodzi yomwe, ngakhale zina ndimazikumbukirabe.

M'zaka zimenezo ndinakwatira amayi anu, a Esnati, n'kumanga nyumba kwawo monga mkamwini aliyense. Ndinkabwera Loweruka n'kubwerera Lolemba m'mamawa. Anthu ankandiseka kuti ndimakhalira kuwerenga malata a eni ake pomwe nyumba yanga ndi yaudzu, ndipo ankanena zoona.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuchigwira kuti mumvetse zotsatirazi. Mowa sindinkamwa. Agogo anu, bambo anga, anali munthu wabwino akakhala kuti sanamwe, koma tsiku la msika ku Namitambo ine ndi amene ndinkatumidwa kukawadzutsa m'ngalande, anzanga akusukulu akuonerera. Ndinalumbira ndili mnyamata kuti mwana wanga sadzandiona choncho. Kuntchito ankanditchula Abusa chifukwa pa malipiro anzanga akamalowa m'bala ine ndinkapita kukagula shuga. Kumpingo anandisankha kukhala mkulu ndili wamng'ono ndithu, ndipo ndisakubisireni, ndinkanyada nazo mopitirira muyeso.

Zaka za m'ma 1990: Luchenza

Kampani itatsegula depoti ku Luchenza inanditumiza kumeneko pansi pa bwana Mulomole. Bwana ameneyu anali wamfupi, wa mawu aakulu, wokalipa m'mawa n'kugulira anthu mandasi masana. Ankati kalaliki wosadziwa kumene katundu wake akupita ndi wakhungu, choncho nthawi zina ndinkaperekeza lole. Tsiku lina la mvula tikupita ndi malata cha ku Muloza, lole inaterereka n'kugona m'ngalande. Dalaivala anali a Likoswe, mnzanga wa ku Phalombe. Iwo anatuluka ndi kachilonda pachigongono, koma ine ndinamenyetsa mutu kuchitseko n'kudzukira kuchipatala. Bala linapola, ndinabwerera kuntchito, tonse n'kuiwala.

Patapita miyezi, ndili kumudzi, amayi anu anandipeza kudimba ndili pansi ndikuphiriphitha, thovu lili kukamwa. Ine sindinadziwe kanthu. Ndinangozindikira kuti lilime likuwawa ndipo buluku lanyowa. Zitachitikanso tinapita kuchipatala, ndipo dokotala anati ndi khunyu lobwera chifukwa cha kuvulala m'mutu kuja. Anatsindika kuti silipatsirana ndipo silingapite kwa ana. Anandipatsa timapiritsi toyera toti ndizimwa tsiku ndi tsiku, nandiuza kuti mowa ndisaukhudze. Pa mawu omalizawa ndinaseka, ndikuganiza kuti lamulo limeneli ndi lokhalo losavuta.

Zimene ananena dokotala zinatsala kuchipatala komweko, kumudzi sizinafike. Kwathu kuno mnyamata akafuna mtsikana, abale ake amatuma munthu mwakachetechete kukafufuza mtundu. Amacheza ndi oyandikana nyumba, amafunsa pamjigo, kufuna kumva ngati m'banjamo muli misala, kuba, ufiti kapena khunyu. Bambo woledzera amamukhululukira, poti amati ameneyo wadziwononga yekha. Khunyu salikhululukira, chifukwa amakhulupirira kuti limayenda m'magazi mpaka kwa zidzukulu. Atsibweni anu a Petulo, mlongo wawo wa amayi anu, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo atamva anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

“Alamu, ana awa ndi anga, ndipo awiri ndi aakazi. Nkhaniyi isatuluke pakhomo pano.”

Ndinavomera ndi mtima wonse. Inu tinakuuzani kuti bambo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo timapiritsi tija tinkakhala m'thumba la jekete lopitira kutchalitchi. Kuntchito ndinauza bwana Mulomole okha, ndikuyembekeza kuti andichotsa. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikalipira kuti ndachedwa kunena. Analamula kuti ndisakwerenso pamwamba pa lole, ndiziwerengera pansi, ndipo mwezi uliwonse ankandipatsa tsiku lokatenga mankhwala. Zinathera pomwepo. Ndinagwira ntchito zaka zambiri ku Luchenza, ndipo ulendo umene ndinagwa kuseri kwa sitolo a Likoswe anandigoneka chammbali, nandifunditsa jekete lawo mpaka nditatsitsimuka. Sanauze munthu.

Zaka zoyambirira za m'ma 2000: Lilongwe

Bwana Mulomole atapuma, ine anandikweza kukhala mkulu wa sitolo pa depoti ya ku Lilongwe. Amayi anu anatsala kumudzi chifukwa cha munda ndi sukulu yanu. Kumeneko kunalibe wa kwathu ndi mmodzi yemwe, ndipo ndinakondwa nazo, poganiza kuti chinsinsi changa chili kutali ndi makutu a ku Chiradzulu. Zaka zoyamba zinayenda bwino. Kenako inafika nyengo imene timapiritsi tija tinasowa kuchipatala. Mwezi woyamba anandipatsa theka, mwezi wotsatira anangondiuza kuti ndidzayesenso. Ndinayamba kuduladula piritsi limodzi kuti likwane masiku awiri, ndikudziwa bwinobwino kuti ndikudzinamiza.

Ndinagwa m'kantini nthawi ya chakudya chamasana, anthu atadzaza. Nditatsitsimuka ndinapeza ndili ndekha pasimenti, m'mikodzo yanga, nyemba zili mbwee. Anthu onse anali atathawira panja, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti wogwa khunyu akaphwisa, wopuma mpweyawo amatenga matendawo. Ndinaona nkhope za anyamata amene ndinkawalamula tsiku ndi tsiku zitadzaza m'mawindo. Ndinadzuka ndekha n'kuyenda pakati pawo mpaka kubafa, iwo akupatuka. Pa moyo wanga wonse sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, ndipo ndinkaganiza kuti oposa amenewo kulibe.

M'kantini muja tinkamwera makapu achitsulo ofanana, okhala m'beseni limodzi, aliyense n'kumangotola. M'mawa mwake nditapita kukamwa tiyi, mayi wophika anandipatsa kapu yomangidwa waya pachigwiriro, osandiyang'ana kumaso. Nditamaliza anaitsuka payokha n'kuipachika pa msomali wake kukhoma. Palibe amene analamula zimenezi, ndipo palibe amene anazitchula. Ndinkangolowa, n'kutsitsa kapu yanga pamsomali, n'kukakhala kumapeto kwa benchi.

Ulendo wachiwiri ndinagwa pabwalo pamaso pa kasitomala wamkulu wa zomangamanga, n'kutemeka mkono ndi lata. Sabata yomweyo kunabwera a Chimbalanga, bwana woona za antchito wochokera kulikulu ku Limbe. Anali munthu waulemu, wolankhula motsitsa. Anatseka chitseko cha ofesi, nandifunsa za mkono, kenako anafika pa chimene anabwerera.

“A Makwinja, kampani singasunge munthu wogwagwa pakati pa malata. Koma matenda sindingalembe, lamulo la masiku ano silitilola kuchotsa munthu pa chifukwa chimenecho. Ndilemba kuti munabwera kuntchito mutaledzera.”

Ndinawauza kuti mowa sindinaulawepo chibadwire, ndipo depoti yonse ikudziwa.

“Ndikudziwa,” anatero. “Koma inu ndi ine ndife a kummwera tonse. Muli ndi mwana wamkazi wamkulu, si choncho? Kwanu akamve ziti, za mowa kapena zinazo?”

Miyezi ingapo m'mbuyomo amayi anu anali atandiuza kuti mphunzitsi wina wa ku Milepa, dzina lake Pilirani, wafunsira Mwandida mbeta, ndipo ukwati ukhala tikakolola. Ndinaganizira zimenezo. Kenako ndinasaina kalata ya uchidakwayo. Potuluka ndinawagwira dzanja a Chimbalanga ndi manja awiri n'kuwathokoza.

Chaka cha chipanda

Ndinafika kumudzi mvula ili pakati, chimanga chikumasula. Amayi anu analira. Atsibweni anu a Petulo atamva zonse anapumira m'mwamba n'kunena kuti bwana ameneyo ndi wanzeru, Mulungu amudalitse. Anati ndipirire mpaka ukwati uchitike, zinazo tidzaona. Nkhani yoti a Makwinja awachotsa ntchito chifukwa cha mowa inayenda mofulumira kuposa akabaza. Akulu anzanga a mpingo anandiitana kubwalo lawo, nandifunsa ngati ndi zoona. Ndinaweramitsa mutu, iwo n'kutenga kuwerama kwangako ngati yankho. Anandichotsa ukulu, nandidula pa mgonero, ndipo Lamulungu ndinayamba kukhala pa benchi ya kukhomo. Ndinkamva amayi akunong'onezana kuti kani ku Lilongwe ankabisala nawo, watengera bambo ake.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinkandidya ndi iwe, Mwandida. Unkandigwadira pondipatsa madzi monga kale, koma nkhope utayang'ana kumbali. Kale ndikabwera unkakhala pafupi n'kumandifunsa za mutauni. Tsopano ndikakhala pakhonde unkapeza ntchito kuseri. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa bwino, chifukwa ndi imene ndinkakhala nayo ine pokadzutsa bambo anga m'ngalande.

A Likoswe anamva za ine kulikulu, ndipo tsiku lina anatulukira ndi mayi wina wa bungwe la antchito. Mayiyo anandifotokozera kuti zimene kampani inachita ndi tsankho kwa munthu wodwala, ndipo kuli khoti loona za anthu apantchito kumene ndingakasume. Anati ntchito yanga ingabwerere, ndipo dzina la uchidakwa lingafufutidwe. Koma anandichenjeza kuti lamulo limapereka miyezi yochepa yokadandaula, ndipo nditawerenga ndinaona kuti nthawiyo itha tisanakolole. Kudikira ukwati kunali kutaya mlandu, kusuma kunali kuulula khunyu ukwati usanachitike. Ndinawathokoza, ndinawathyolera maungu, n'kuwaperekeza kumsewu. Ndinawauza kuti sindisuma.

Patangopita masabata ochepa kunabwera ankhoswe a kuchimuna kudzakambirana za tsiku la chinkhoswe. Wowatsogolera anali a Namaona, atsibweni ake a Pilirani, munthu wansangala, wa kuseka kwambiri, amene kutchalitchi ankapitako pa maliro pokha. Anabwera ndi chigubu cha masese kumbuyo kwa njinga. Zokambirana zitatha bwino, ife amuna titakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo anathira mowa m'chipanda, namwako, napukuta pakamwa, n'kundipatsa ine.

“Achimwene, musachite manyazi ndi ife. Tinafufuza, tinamva zonse, ndipo sitinadandaule. Mowa sulowa m'magazi a zidzukulu. Imwani, pano palibe abusa.”

Ndinayang'ana atsibweni anu, iwo n'kundigwedezera mutu pang'ono kuti ndilandire. Chidakwa chokana mowa waulere chikanadabwitsa anthu. Ndinalandira chipanda chija n'kumwa. Unali wowawasa, wa masese okanda kukhosi, ndipo sindinamvetse chimene bambo anga ankaufera. Ndinabweza chipanda, a Namaona n'kumwera pomwepo pamene panali pakamwa panga. Apa ndinene zimene sindinauzepo munthu. Mtima wanga unakondwa. Kuchokera tsiku la waya lija munthu wachilendo anali asanamwerepo chinthu chimodzi ndi ine, ndipo uyu ankatero chifukwa choti ankandiyesa chidakwa. Chipanda chitazungulira n'kundipezanso, ndinamwanso. Potsitsa ndinakuona iwe Mwandida utaima ndi mbale za alendo, ukundiyang'ana.

Alendo atapita dzuwa likupendeka, ndinakhala kuseri kwa nyumba mutu ukuzungulira. Iwe ndi amayi ako munkatsuka mbale pafupi ndi thandala, osadziwa kuti ndili pomwepo. Ndinakumva ukunena kuti pa ukwati, pampando wa bambo pakhale atsibweni, chifukwa sukufuna anthu a ku Milepa aone bambo ako akudzandira. Amayi ako sakanakuuza zoona, poti anali omangidwa pakamwa ngati ine. Pambuyo pake anandipeza n'kundikumbutsa mawu a dokotala, nanena kuti a Namaona azibwera ndi chigubu pa chinkhoswe, pa ukwati, pa kubadwa kwa mwana, pa maliro aliwonse, ndipo ine ndizimwa mpaka zidzandiphe.

Lolemba lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Blantyre n'kukasuma. Sindinauze atsibweni anu. Sindinakuuze iwe. Anthu a bungwe pambuyo pake ankanditama kuti ndinalimba mtima pomenyera ufulu wa anthu olumala, ine n'kumangomwetulira. Zoona zake n'zakuti sindinaganizeko za munthu wolumala wina aliyense. Ndinalephera kupirira kuti mwana wanga azindiona ngati chidakwa, ndipo ndinasankha dzina langa.

Ndinkadzinamiza kuti milandu imachedwa, ukwati udzachitika nkhani isanamveke. Koma mayi wa bungwe uja anati pakufunika mboni yondidziwa bwino yoti sindimwa, ndipo woyenera ndi abusa athu. Ndinapita kwa abusa n'kuwauza zonse. Iwo anagwidwa chisoni, ndipo mwa ubwino wa mtima wawo anaitana akulu onse kuti andibwezere pa mgonero. Akulu a mpingo ali ndi akazi awo, ndipo akaziwo amatunga madzi. Lamulungu lotsatira ndinakhalanso kutsogolo pa benchi ya akulu, koma amene anali pambali panga anasendera pang'ono. Iwe unamva nkhaniyi kumjigo, kwa anthu, ine bambo ako ndili m'nyumba kukonzekera mawu oti ndikuuze.

A Namaona anabwera sabata yomweyo, opanda chigubu. Anaima kumapeto kwa bwalo atagwira njinga. Anakana mpando, anakananso madzi. Anauza atsibweni anu kuti abale akambirana, ndipo za ukwati zija zithe. Ndinayesa kufotokoza za lole ya ku Muloza ndi mawu a dokotala, koma iwo sanabwerere zimenezo. Anandiyang'ana, kuseka konse kutachoka, nandifunsa funso limodzi.

“Bwanji simunanene tisanamwere chipanda chimodzi?”

Ndinamva pambuyo pake kuti anapita kwa sing'anga kukasamba mankhwala. Pilirani sanabwere, ndipo chaka chisanathe anapempha kusamukira kusukulu ina yakutali. Iwe unadzitsekera m'nyumba masiku angapo, kenako unatuluka n'kukapalira mbatata ngati palibe chachitika. Atsibweni anu anasiya kundilankhula, ndipo mpaka kumwalira kwawo tinkangopatsana moni.

Zaka za mlandu

Mlandu unatenga nthawi yaitali. Ndinkapita ku Blantyre n'kukamva kuti loya wa kampani wadwala, kapena wapampando wa khoti sanabwere, n'kubwerera ndi nsapato zafumbi. Tinkadya za kudimba, ndipo Yosofati unakhala kunyumba teremu yathunthu. Tsiku lozenga litafika ndinaima pamaso pa anthu osawadziwa n'kufotokoza zonse zimene ndinabisa zaka zambiri, za thovu, za mikodzo, za kapu. Loya wa kampani anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga. Anandifunsa ngati siginecha ya pa kalata ya uchidakwa ija ndi yanga, ndinavomera. Kenako anandifunsa ngati ndingalumbire kuti mowa sindinaulawepo. Ndinali nditagwira Baibulo m'mawa womwewo.

“Ndinamwapo tsiku limodzi,” ndinatero, “ntchito itatha kale, pofuna kuti anthu akhulupirire zimene bwana wanu analemba.”

M'khoti munamveka kuseka, ndipo ine ndinayang'ana pansi. A Likoswe anaperekera umboni ngakhale ankagwirabe ntchito pakampani pomwepo, ndipo ndikudziwa kuti pambuyo pake anawapatsa maulendo oipa okhaokha. Bwana Mulomole anabwera ndi ndodo, atakalamba, koma mawu ali omwe aja. Anauza khoti kuti anandisunga zaka zonse zija pongondiletsa kukwera lole, ndipo kwa iwo lata silinasowepo ndi limodzi lomwe. Abusa nawo analankhula. Khoti linagamula kuti anandichotsa chifukwa cha matenda, kuti zimenezo n'zosemphana ndi lamulo, kuti ndibwerere pa ntchito yanga ndipo za uchidakwa zichotsedwe. Mayi wa bungwe anandikumbatira pakhonde la khoti. Ine ndinakwera minibasi ndikuganiza kuti ndikafika kunyumba ndikanena bwanji kwa Mwandida kuti ndawina.

Zaka zomaliza, mpaka kupuma

Ndinabwerera ku Lilongwe. A Chimbalanga akabwera kudzayendera depoti ankandipatsa moni waulemu ngati kale, inenso n'kuyankha mwaulemu. Kampani inayamba kundipatsa tsiku lokatenga mankhwala, ndipo akasowa kuchipatala inkandigulira. Tsiku loyamba nditalowa m'kantini ndinapeza kapu ija ili pa msomali wake, itachita fumbi. Palibe amene anaigwiritsa ntchito, palibenso amene analimba mtima kuitaya. Khoti linali litagamula za ntchito ndi za dzina, koma za kapu silinanene kanthu. Ndikanatha kutola ina m'beseni, ndipo palibe akanandiletsa. Ndinayang'ana anyamata atakhala chete pa benchi, ndinatsitsa kapu yanga, ndinaitsuka, n'kumwera tiyi. Ndinamwera imeneyo mpaka tsiku lopuma ntchito, ndipo ponyamuka ndinaiponya m'chikwama.

Eliza, iwe unakwatiwa mutauni ndi munthu amene abale ake sanabwere kudzafunsa pamjigo. Mwandida anaphunzira kusoka n'kutsegula kashopu kake ku Namadzi. Anyamata ena awiri anamufunsira m'zaka zotsatira, ndipo onse anazimiririka abale awo atafufuza. Ndi iye amene mwezi ndi mwezi amakwera kabaza kukanditengera mankhwala, ndi iye amene amawerenga mapiritsi kuti aone ngati ndikudumphitsa. Za mlandu, za chipanda, za Pilirani, sanatchulepo, ndipo ine ndinkatenga kukhala chete kwakeko ngati chikhululukiro chifukwa zinkandikomera kutero.

Tsiku limene ndinafika ndi katundu wanga wopumira ntchito, iye anabwera kudzathandiza kumasula. Anapeza kapu ija pakati pa malaya nandifunsa za wayayo. Tinali awiri pakhonde. Ndinamuuza zonse, kuyambira m'kantini mpaka m'ofesi ya a Chimbalanga, ndi zimene ndinamva kuseri kwa nyumba tsiku la chipanda. Anamvetsera akutembenuza kapuyo m'manja.

“Bambo, munandisankhira kawiri,” anatero. “Poyamba munasankha kuti ndikhale mwana wa chidakwa, kenako munasankha kuti ndikhale mwana wa munthu wakhunyu. Konseko simunandifunse.”

Ndinamufunsa kuti ndikanamufunsa akanasankha chiti. Ndinkayembekeza kuti anena kuti akanasankha choonadi, kuti mtima wanga upepuke.

“Sindikudziwa,” anatero. “Pilirani ndinkamukonda.”

Kenako anayamba kumasula waya uja ndi zala. Unali utachita dzimbiri ndipo unamubaya, koma anaupotokola mpaka unachoka. Anautaya kudzala, nanyamuka kupita kuthandala, n'kuponya kapuyo m'beseni la makapu a pakhomo. Za Pilirani sitinakambenso mpaka lero. Kapu ija ikadali m'beseni momwemo, ndipo enanu nonse, ndi ana anu omwe, mwamwerapo osadziwa.